Pomwe Thirakitala Inkakhotera Yokha

Amene munayendapo msewu wafumbi wochoka pa Santhe kutsikira ku Bua mukuwadziwa malo amene anthu amati pa Mabani. Mabani ake anagwa kalekale, pangotsala zipupa zingapo za njerwa zimene mbuzi zimausapo dzuwa likakula. Kale imeneyo inali esiteti ya fodya, yodzaza ndi matenanti ochokera kutali, ku Phalombe, ku Mulanje, ku Thyolo. Fodya atalowa pansi mwini wake anatseka, matenanti anabalalika, malo aja n'kukhala zaka zambiri akungomera tsekera.

Chaka cha nkhani yathuyi, kalabu ya alimi a soya inaloledwa kulima pamalopo. Potsegula shedi imodzi imene inatsala ndi denga, anapezamo thirakitala. Kale inali yofiira, koma utoto unali utasuluka ngati chitenje chochapidwachapidwa. Mpando wake unali chitsulo chokhachokha, ndipo m'chitoliro cha utsi mavu anali atamangamo. Anaitanitsa makaniko wa ku Kasungu. Makanikoyo analimbana nayo masabata awiri, ndipo tsiku lina inatsokomola katatu, n'kulira.

Chinatsala n'chakuti ayendetse ndani. Amuna atatu anayesa, onse anangokukuta magiya mpaka oonerera mano kuyayamira. Apa m'pamene wapampando wa kalabu, a Kadammanja, anatchula Esinati.

Esinati, amene mfunda wake unali Nankhoma, anali mayi wa zaka makumi anayi, mwamuna wake anamwalira, ana ake awiri ali ku sekondale. Anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi pa chigayo cha dizilo, mpaka magetsi atafika chigayocho chinatsekedwa, iye n'kukhala pakhomo. Injini ankaimva ngati mmene mayi amamvera mwana akayamba kudwala, koma chiwongolero anali asanachigwirepo.

"Pitani kwa a Msampha akakuonetseni," anatero a Kadammanja. "Mukaidziwa, ntchito ndi yanu."

A Lufeyo Msampha ndiwo ankayendetsa thirakitala yomweyo masiku a esiteti. Tsopano anali nkhalamba, maso atachita ng'ala, akungoona mbuu. Poyamba anakana.

"Chitsulo chimene chija chikanangogona momwemo," anatero.

Esinati anabwererako kachiwiri, kachitatu. Ulendo wachinayi nkhalamba ija inatola ndodo yake. "Ndigwireni mkono, aNankhoma. Ndikuphunzitsani pabwalo la mabani pokha. Kumunda ine sindipondako."

Atafika anaiyendetsa manja thirakitala ija ngati akusisita ng'ombe imene anaigulitsa kale. Anakwera n'kukhala pa madigadi, chitsulo chophimba tayala lalikulu, Esinati ali pampando.

"Tiyambe ndi mapazi, manja atsatira. Phazi lamanzere lili ndi ntchito imodzi yokha, kilachi. Pondani pang'onopang'ono. Mwamva pomwe yalimba?"

"Ndamva, bambo."

"Pamenepo ndi theka. Matayala asiya kukoka, koma pulawo mutha kumukweza. Mukatsikira mpaka pansi, zonse zafa. Tsono kuphazi lamanja kuli zopondera zingati?"

"Ziwiri."

"Mabuleki amenewo. Wina ndi wa tayala lamanzere, wina wa lamanja. Mukafika kumapeto kwa mzere mumaponda mmodzi, thirakitala imazungulira pomwepo ngati mbuzi yapachingwe. Koma pamsewu muziwalumikiza ndi aka." Anafufuza ndi zala mpaka anakapeza, kachitsulo kopindika konga loko wa zenera. "Mukaiwala, n'kuponda mmodzi muli paliwiro, tidzakuimbirani nyimbo ku tchalitchi."

Pakati pa miyendo panali ndodo ziwiri za magiya. Yaitali inali ya wani, thuu, fili ndi rivesi. Yaifupi a Msampha anali nayo maina awoawo.

"Mukaikankhira uku ndi kamba, mukaikokera uku ndi gwape. Kamba ndi wolimira, gwape ndi wa pamsewu. Ikakhala pakati m'pamene injini imalola kulizidwa. Ndipo iyi si minibasi, giya mumasankha mutaima. Imani, pondani kilachi, pumani kamodzi, ndiye lowetsani. Akakana musamukakamize. Tulutsani phazi pang'ono, pondaninso, alowa yekha. Moto wake uli pakamtengo aka pansi pa chiwongolero, mumawonjezera ndi dzanja."

Masiku asanu anazungulirazungulira pabwalopo. Nkhalamba ija sinkaona kanthu, koma sinkanamizika. "Phazi lichoke pa kilachi, si chopumirapo chimenecho," inkatero Esinati asanazindikire n'komwe kuti phazi lili pomwepo. Tsiku lachisanu analowetsa magiya onse popanda phokoso. A Msampha anangogwedeza mutu, n'kupempha kuti awaperekeze kwawo.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Munda wa kalabu unayambira pa mabani n'kutsetsereka mpaka kudambo. Esinati anayambira kumtunda, kamba ndi thuu, pulawo akutembenuza dothi lofiira m'mbuyo mwake. Sabata yoyamba zonse zinayenda bwino, moti amayi ankaima panjira ndi ndowa pamutu kumuyang'ana.

Chodabwitsa choyamba chinali kachitsulo kolumikizira mabuleki kaja. Madzulo aliwonse poweruka ankalumikiza mabuleki, n'kuyendetsa kukaika mu shedi, n'kukhoma. Mmawa ankapeza kali kotsegula. Anaganiza kuti n'kutha kwa chitsulo. Mmawa wina sanakapeze n'komwe. Anasesa pansi ponse, anayang'ana m'bokosi la masipanala, osaoneka. Anatenga waya n'kumanga zopondera ziwirizo pamodzi, kupotokola ndi pulayazi mpaka zala kuwawa. Kutacha anapeza waya uja ali pampando, womasulidwa bwinobwino, atapindidwa ngati kankhata kakang'ono. Loko wa pakhomo anali wokhoma, kiyi ali pakona ya chitenje chake.

Sanauze munthu.

Sabata yachiwiri anafika kumunsi, kufupi ndi dambo, pomwe pali chulu chachikulu. Inali nthawi ya masana, mthunzi uli pansi pa mapazi. Nyenje zinkalira m'mitengo ya m'malire mpaka kuposa injini. Mwadzidzidzi zinangoti zii, zonse pamodzi. Esinati anamva thirakitala ikukokera kumanzere. Anawongola, koma inapitiriza kukhota. Atayang'ana pansi anaona buleki wa kumanzere akutsika yekha, pang'onopang'ono, phazi lake lili pambali.

Anaponda kilachi n'kuima. Chopondera chija chinakweranso chokha.

Anatsika, n'kugwada, n'kuyang'ana sipulingi ndi ndodo yake yonse mpaka kutayala. Panalibe chothyoka. Anabwerera m'mbuyo n'kuyesanso, ulendo uno ndi kamba wani. Atafika pomwe paja, chimodzimodzi. Ndipo pansi pa kulira kwa injini ankamva kanthu kena. Iye amene anakhala zaka zonse zija pachigayo ankadziwa phokoso lililonse la dizilo, koma ili silinali la chitsulo. Linali ngati kutsokomola kouma, kwa zifuwa zazing'ono, uku ndi uko. Atazimitsa injini kuti amvetsere, kunalibe chilichonse, ngakhale mphepo.

Masiku atatu otsatira anayesa kulowera kumtunda, kumunsi, chakudambo. Mizere yonse inkafika n'kupindika, ndipo pakati panatsala malo osalima, obulungira ngati dzira, kukula kwake ngati bwalo la mpira wa ntchembere mbaye.

A Kadammanja atabwera kudzaona anaima manja ali m'chiuno.

"Nanga ichi n'chiyani, mayi? Tikulima munda kapena tikujambula mapu?"

"Ikukana, bambo. Ikafika apa imakhota yokha."

Amuna awiri amene anabwera nawo anaseka. "Thirakitala siikana," anatero mmodzi. "Akukana ndi manja."

Madzulo ake Esinati anapita kwa a Msampha n'kuwafotokozera zonse, za waya, za chopondera, za chulu. Nkhalamba ija inali ikusenda nzimbe ndi mpeni. Inasiya.

"Chulu chili kudzanja liti mukamatsika?"

"Kumanja."

A Msampha anaika mpeni pambali. Kenako anati, "Buleki akakalamba amagwira yekha. Itanani makaniko." Analowa m'nyumba, nzimbe ija n'kuisiya pansi, nkhuku zikuijompha.

Patapita masiku awiri Esinati anapita ndi thirakitala pa Santhe kukatenga dizilo. Pobwerera, dzuwa lili paliwombo, anaona mayi ataima pakati pa msewu pomwe njira imapatukira kumunda. Anachepetsa moto, n'kuponda mabuleki onse awiri ndi phazi limodzi mosamala, n'kuima. Fumbi lonse limene ankalikoka m'mbuyo linamupitirira n'kukuta msewu. Litatsika, mayi uja anali pomwepo, osaphethira, osatsokomola.

Anali wamng'ono thupi, wosakalamba, atavala chitenje cha maluwa amene Esinati anawaona komaliza ali mtsikana. M'manja anali ndi kakhasu kakutha, kotsala ngati chikhatho.

"Zikomo, mayi," anatero ndi kalankhulidwe ka kummwera. "Mtengo wa muwanga uja uli pati?"

"Muwanga uti?"

"Unali apo, kumunsi. Waukulu, wa mphanda ziwiri."

"Ine chikhalireni kuno sindinauone. Mukupita kuti? Kwerani ndikusiyeni kutsogoloku, dzuwa lakula."

Mayi uja anayang'ana thirakitala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. "Icho ayi. Ndimachidziwa icho." Kenako anafunsa, "Amene ankayendetsa kale aja alipo?"

"A Msampha? Alipo."

"Mukawauze kuti sindinapapezebe."

Anapatuka n'kulowera njira ya kumunda. Apa m'pamene Esinati anaona mapazi ake. Anali ndi matope mpaka m'akakolo, matope akuda, aawisi, onyezimira, pamene mvula inali isanagwe chichokereni Epulo ndipo dambo lenilenilo linali long'aluka. Esinati anawerama kuti alowetse giya. Atadzutsa mutu, njira inali yokha, ndipo mbali zonse ziwiri munda unali wolima, wopanda pobisala ngakhale nkhwali.

Uthenga uja sanakapereke tsiku limenelo. Ankaopa kuumva ukutuluka pakamwa pake.

Mawa lake a Kadammanja anabwera ndi mlamu wawo, Bizaliele, amene ankayendetsa lole ya matabwa. Mitambo inali itayamba kusonkhana chakumadzulo, ndipo anthu a kalabu ankafuna munda uthe.

"Tsikani, mayi, muone mmene amachitira amuna," anatero Bizaliele.

"Achimwene, pamene paja musapite ndi liwiro. Ikani kamba."

"Kamba ndi wa ophunzira."

Anamanga mabuleki ndi waya wake, n'kukokera ndodo yaifupi ku gwape, n'kukweza pulawo, akuti akaone kaye malowo. Anatsetsereka fumbi lili kobo. Esinati anamva nyenje zikuleka. Thirakitala itafika m'mphepete mwa malo aja, tayala lamanzere linangoima ngati lakhomeredwa. Inazungulira, tayala lamanja n'kunyamuka m'mwamba, Bizaliele n'kuponyedwa uko. Onse anaona kuti ikumugwera. Inaima choncho, yopendekeka, kwa nthawi yoti munthu n'kupuma kawiri, kenako inabwerera pansi pang'onopang'ono ngati pali amene akuitsitsa. Injini inapitiriza kulira mwakachetechete. Atafika anapeza ndodo zonse ziwiri zili pakati, ndipo waya uja kunalibe.

Bizaliele anathyoka phewa. Pomunyamula ankangobwereza mawu amodzi: "Anandigwira mwendo. Anandigwira mwendo."

Pofika madzulo nkhani inali itatembenuka. Ena ankati Esinati anaikhwimira thirakitala kuti wina asaikwere. Ena anakumbutsa kuti mwamuna wake anafa imfa yosadziwika bwino. Pachitsime amayi anasiya kulankhula iye atafika. A Kadammanja anamuitanira kuseri kwa shedi.

"Ine sindikhulupirira zimenezo," anatero osamuyang'ana kumaso, "koma anthu ndi anthu. Loweruka malo aja akhale olima. Apo ayi mudzabweze kiyi, ndipo nkhani ya Bizaliele mudzaiyankha nokha."

Kuchoka apo Esinati analunjika kwa a Msampha. Anawapeza pakhonde. Sanakhale pansi.

"Bambo, ndakumana ndi mayi pamphambano ya kumunda. Ali ndi kakhasu kakutha. Akufunsa muwanga wa mphanda ziwiri. Akuti ndikuuzeni kuti sanapapezebe."

Ndodo ya nkhalamba ija inagwa. Esinati sanaitole.

"Khalani pansi, aNankhoma," anatero a Msampha. Mawu awo anali atachepa.

Anafotokoza akuyang'ana kutsogolo ndi maso awo oyerawo. Chaka china m'dzinja, chikuku chinalowa m'makomboni a matenanti. Chinatenga ana asanu ndi mmodzi mwezi umodzi. Makolo awo anali alendo, kwawo kutali, manda a m'midzi yozungulira sanali awo. Anawaika kumunsi kwa munda, pansi pa muwanga. Patapita zaka ziwiri kunabwera manijala watsopano, wofuna fodya paliponse. Analamula kuti mtengo udulidwe, chitsa chizulidwe, malowo alimidwe.

"Chitsa ndinazula ndine, ndi tcheni. Kulima ndinalima ndine. Ndinali ndi ana anga asanu, ntchito ndinkaifuna. Pulawo atafika pa mitumbira ija injini inalemedwa, ndinaima, ndinatsitsa giya kuchoka thuu kupita wani, ndinapitiriza. Ndimaimvabe mmene inalirira."

Makolo ena analira n'kusiya. Koma mkazi wa a Namakhwa, wa ku Phalombe, amene mwana wake anali mmodzi yekhayo, sanasiye. Tsiku ndi tsiku ankapita ndi kakhasu kukafukula pakati pa mizere, kuzula fodya wa eni, kufunafuna pomwe panali mwana wake. Kapitawo ankamuthamangitsa, iye n'kubweranso. Mwamuna wake anachotsedwa ntchito n'kukwezedwa lole, koma mkaziyo anatsika panjira n'kubwerera wapansi.

"Ankabwera pakhomo panga," anatero a Msampha. "Ankati, inu munalima, mukudziwa pomwe pali. Ine ndinkatseka chitseko."

"Ndiye anatha bwanji?"

"Kapitawo anatiuza kuti anabwerera kwawo."

Esinati anayang'ana nkhalamba ija.

"Loweruka mupita nane kumunda," anatero.

"Ndinalumbira kuti sindidzapondako."

"Simukaponda. Mukakhala pa madigadi."

Loweruka kunacha kwa mitambo, kotentha, kopanda kamphepo. Anthu a kalabu anamva, ndipo anabwera ambiri n'kuima kumtunda, pafupi ndi zipupa za mabani. Palibe anatsikira kumunsi. Esinati anadula nthambi za nkhadze n'kuziika m'thumba, anakweza a Msampha, n'kuliza injini.

"Pulawo akhale m'mwamba," anatero a Msampha. "Kamba ndi wani. Moto pang'ono, ingoyenda ngati munthu wopita kumaliro. Muyambire pangodya ya bani lomaliza, mulunjike pachulu, chikhale kumanja kwanu. Ndi mzere umene ndinayenda."

Anayamba kutsetsereka. Ulendo umene masiku onse unali waufupi tsiku limenelo unatalika. Nkhalamba ija inapendeketsa mutu, khutu lili ku injini, milomo ikuyenda. Atayandikira malo aja nyenje zinaleka.

"Chotsani phazi ku mabuleki. Chiwongolero muchigwire ngati dzira, chikafuna kupita musachiletse."

Esinati anadikira kuti ikhote monga mwa masiku onse. Siinakhote. Kwa nthawi yoyamba matayala akutsogolo anaponda udzu wouma wa malo osalima aja, n'kulowa.

A Msampha anakweza mawu, osati kwa Esinati. "Ndine Lufeyo. Ndabwera. Ndine ndinalima."

Pamenepo Esinati anamva kanthu kakuponda phazi lake lamanzere, limene linali pamwamba pa kilachi. Kanali kopepuka, ngati mwana akakuponda pofuna kukwera pamiyendo. Sanayang'ane pansi. Analola phazi kutsika, thirakitala n'kuima.

"Apa," ananong'ona a Msampha.

Anatulutsa giya, n'kutsika. Kutsogolo kwa tayala nthaka inali yolowa pang'ono, kadzenje kotalika ngati mkono, koti munthu wongodutsa sangakaone. Anazika nthambi ya nkhadze, n'kukweranso. Pondani, pumani kamodzi, lowetsani. Chiwongolero chinatembenuka chokha m'manja mwake, pang'ono chabe, kuti tayala lilambalale nkhadze ija. Sanayende mapazi asanu, kaphazi kaja kanabweranso.

Kachiwiri. Kachitatu. Ulendo wachinayi kanaponda kawiri motsatizana, ngati kosewera, ndipo Esinati anazindikira kuti akulira, misozi ikugwera pachiwongolero. A Msampha ankatchula maina a makolo amene ankawakumbukira. Ena anali atawaiwala, ankangoti, "Mwana wa mayi wamtali uja, wa nyumba ya kumapeto."

Atazika nkhadze yachisanu ndi chimodzi, nkhalamba ija inapuma mozama. "Atha. Ikani rivesi, tibwerere momwe tadzera."

Esinati anaponda kilachi, anapuma, n'kukankhira ndodo ku rivesi. Inakana. Anatulutsa phazi pang'ono, anapondanso monga anaphunzitsidwira. Inakanabe. Atangoileka, ndodo ija inagwera yokha mu wani.

"Ndati rivesi, aNankhoma."

"Si ine, bambo."

Thirakitala inayenda, kudutsa nkhadze zonse, kulunjika kuseri kwa chulu, komwe anthu a kumtunda sankatha kuona. Kumeneko udzu unali wautali ndi wobiriwira pamene kwina konse unali wouma. Ndiye china chake chinaponda phazi lija. Ichi sichinali chopepuka. Chinali cholemera, chozizira, chonyowa, ndipo chinakanikiza phazi la Esinati mpaka kilachi inagunda pansi penipeni. Pulawo, amene anali m'mwamba, anakhala momwemo. Injini inazima yokha.

Panalibe phokoso lililonse padziko.

Kulemera kuja kutachoka, Esinati anayang'ana pansi. Pa nsapato yake ya pulasitiki panali matope akuda.

"Pali chiyani?" anafunsa a Msampha. "Ndiuzeni, ine sindiona."

Esinati anatsika n'kupatula udzu ndi manja. "Nthaka ndi yolowa. Koma apa m'patali, bambo. Si pa mwana."

Nkhalamba ija inatsetsereka pa madigadi popanda womugwira, n'kugwa chogwada. Inakwawa, ikupapasa, mpaka manja anapeza m'mphepete mwa dzenje lija. Anayenda nalo ndi zikhatho kuchokera kumutu mpaka kumiyendo.

"Sabata imene mayi uja anasowa," anatero, "kapitawo anandidzutsa mmamawa mvula ikugwa. Anati ndikapitenso ndi pulawo kuseri kwa chulu. Ndinati, bwana, muli kale fodya mmenemo, wafika m'maondo. Anati kalime. Ndinapeza dothi lofukulidwa kumene. Sindinafunse. Zaka makumi atatu ndi zinayi, aNankhoma, sindinafunse."

Anaweramitsa mutu mpaka chipumi kukhudza udzu. Zimene analankhula pamenepo Esinati sanazimve, chifukwa anasuntha n'kukaima patali. Nkhadze m'thumba zinali zitatha. Anathyola nthambi ya chitsamba cha pachulu n'kudikira.

Patapita nthawi anthu aja anayamba kutsika, mmodzimmodzi, a Kadammanja patsogolo. Anaona nkhadze zisanu ndi imodzi zili ndondondo pakati pa udzu, anaona nkhalamba ili chogwada kuseri kwa chulu. Amuna anavula zipewa. Mayi wina wachikulire anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, ena n'kulandira. Za Loweruka ndi kiyi palibe anazitchulanso, ndiponso palibe anapepesa.

Thirakitala inalira atangoiyesa kamodzi, rivesi n'kulowa ngati mpeni m'dzungu. Koma a Msampha anakana kukwera. Anapita kwawo wapansi, Esinati atawagwira mkono.

A kalabu anakaitula nkhaniyi kwa akuluakulu a boma. Kunabwera anthu awiri ndi galimoto, anayang'ana, analemba, anafunsa za kapitawo ndi manijala. Onse anali atamwalira kalekale. Galimoto ija siinabwerenso. A Msampha anadwala mvula yoyamba itagwa, ndipo sanafike Khirisimasi. Masiku awo omaliza ankavutika ndi chinthu chimodzi: dzina la mayi uja. Ankalidziwa kale, ankatero, linali pamilomo, koma silinabwere.

Esinati anayesa. Anatumiza uthenga ndi ogula soya opita kummwera, anapempha abusa kuti alembere anzawo a ku Phalombe, kufunsa ngati alipo a kwa Namakhwa amene mlamu wawo anapita ku fodya osabwerako. Anayankha mabanja atatu. Onse atatu anali ndi wotere, ndipo palibe anatha kunena ngati ndi iyeyo.

Kalabu inasiya malo aja osalima. Esinati anayendetsabe thirakitala zaka zina zisanu mpaka inafa yokha ndi ukalamba, koma kuseka kwake kwakale sikunabwerere, ndipo amayi ena mpaka lero amamupatsa moni ali patali. Chaka chilichonse mvula isanagwe amatenga khasu lake n'kupita yekha kukalambula manda asanu ndi awiriwo. Chaka chatha mlangizi wa zaulimi wachilendo anamupeza ali pantchitoyo, thukuta lili kamukamu, n'kumufunsa ngati amene agona pamenepo ndi abale ake.

Esinati anaimika khasu, n'kuganiza pang'ono.

"Alibe wina," anatero, n'kupitiriza kulambula.